Mgonero wa matumba khumi a cimanga

Mu mzinda wa Tokyo, likulu la dziko la Japan, muli nyumba zina zodyeramo kumene mlendo sapatsidwa pepala losonyeza zakudya ndi mitengo yake. Munthu amangolowa, kukhala pansi ndi kuchula liu limodzi cabe: omakase. M'Cinyanja cathu tinganene kuti "ndasiya m'manja mwanu." Ukatero basi, wophika ndiye amene adzasankha zonse zimene udye usiku umenewo, ndipo iwe ulibenso conena kufikira nthawi yolipira.

Ife tinakhalapo pa thebulo lotere mu 2025, pamene tinali pa ulendo wokaona ulimi wa mpunga m'dzikolo. Tinali kagulu kocepa, ndipo pakati pathu panali mai wina wa ku Chama amene wakhala akulima mpunga kuyambira ali mtsikana. Ndalama sizinacoke m'thumba mwathu ai. Anatiitana ndi mkulu wina wa komweko amene anagwirapo nchito kuno kwathu zaka za kumbuyo, ndipo mtengo wake tinaudziwa pambuyo pake, titacita kufunsa-funsa mwakacetecete.

M'nyumba zapamwamba za mtundu uwu munthu mmodzi amalipira pakati pa mayeni 30,000 ndi 50,000, kwina kupitirira pamenepo. Mayeni 30,000 caka cimeneco anali ngati madola 200 a ku America. Bungwe la FRA mu 2025 linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Werengani nokha: mgonero wa munthu mmodzi unaposa matumba khumi a cimanga. Ndipo cimene anadya ndi timbamu ta mpunga tosapitirira 20, tokhala ndi nsomba pamwamba, yambiri mwa iyo yaiwisi.

Mlimi aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti, kodi anthu amenewa akulipira ciani kweni-kweni? Ifenso funso limeneli linatisowetsa tulo.

Cipinda ca mipando isanu ndi itatu

Tinayembekezera kuona nyumba yaikulu ya magalasi ndi nyale zowala. Koma tinatsika masitepe ndi kulowa pa kakhomo kocingidwa ndi kansalu, ndipo tinapeza cipinda cocepa kuposa sakristiya ya pa parishi. Munali mipando isanu ndi itatu yoyang'ana thabwa limodzi lalitali la mtengo wochedwa hinoki, losapaka utoto, loyera mbee cifukwa ca kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Kuseri kwa thabwalo kunaima wophika, mdala wa imvi, ndi anyamata awiri omuthandiza. Munalibe wailesi, munalibe nyimbo. Anali atatiuziratu kuti tisadzole mafuta onunkhira, pakuti fungo lake limasokoneza anzako pa kudya.

Anatipatsa tinsalu totentha topukutira m'manja. Tisanayambe kudya, amene anatiitana anagwirizitsa manja ake ndi kunena kuti itadakimasu, kutanthauza kuti "ndalandira." Akristu m'dziko la Japan ndi ocepa ndithu, ngati munthu mmodzi pa 100 alionse, motero limeneli si pemphero monga lathu. Anatifotokozera kuti ndi kuyamika nsomba imene yataya moyo, msodzi, mlimi ndi wophika. Ife tinanena nao, kenaka tinacitanso cizindikiro ca mtanda monga mwa nthawi zonse.

Cimene cinatikondweretsa poyamba ndi cakuti sushi amaloledwa kudya ndi manja. Sabata yonse timitengo tawo todyera tinali titaticititsa manyazi, koma apa ife a nsima tinali pakwathu. Wophika amatapa mpunga pang'ono, wocepa kuposa mbamu ya nsima, amaikapo kacidutswa ka nsomba, amakanikiza ndi zala kawiri kapena katatu, amapakapo msuzi wa soya ndi kaburashi, kenaka amaika patsogolo pako. Uyenera kudya pomwepo, kamodzi n'kamodzi. Ukayamba kuceza kapena kujambula zithunzi, mpunga umazizira, ndipo mdala uja amakuyang'ana ndi diso limene mphunzitsi wa katekisimu amayang'ana nalo mwana wosewera m'chalichi.

Tisakunamizeni, kambamu koyamba tinakameza ndi mantha. Tinakulira kumene nsomba yosapsa bwino ndi citonzo kwa wophika. Koma fungo la nsomba limene tinali kuopa panalibe ngakhale pang'ono. Anayamba ndi nsomba zoyera zosakhala ndi mafuta, kenaka kansomba kowala ngati siliva kochedwa kohada, kamene amakaika mu mcere ndi mu viniga, ndipo akuti pa kansomba kameneka ndi pamene amaonera luso la wophika. Panabwera tuna ya mitundu itatu, yofiira, ya mafuta pang'ono ndi ya mafuta kwambiri. Panabwera cinthu cina cacikasu cofewa cochedwa uni, cocokera m'kanyama ka minga ka pansi pa nyanja. Ici ife sicinatikomere, ndipo sitibisa. Cakumapeto kunabwera mkunga wa m'nyanja wophika bwino ndi kacidutswa ka dzira kotsekemera ngati keke.

Cifukwa cace nsomba siinunkha

Tinafunsa kupyolera mwa wotimasulira kuti cinsinsi cili pati. Yankho linali lakuti nchito yaikulu imacitika nsomba isanafike m'cipindamo. Asodzi ndi ogulitsa nsomba a ku Japan ali ndi njira yophera nsomba imene amaicha ikejime. Nsomba ikangoturuka m'madzi amaibaya pa ubongo ndi kacitsulo kosongoka kuti ife nthawi yomweyo, amaidula pa makha ndi ku mcira kuti magazi onse acoke, ndipo ena amalowetsa waya mu msana kuti isaphiriphithe. Kenaka amaiika pozizira. Nsomba imene yafa movutika, ikudzimenya-menya, mnofu wake umafewa msanga, ndipo magazi otsalira m'thupi ndiwo amayambitsa fungo ndi kuola.

Pomva izi tinakumbukira m'mene nsomba zathu zimafera pansi pa bwato, padzuwa, zina zitagona mu ukonde usiku wonse. Kacitsulo kosongoka ndi mpeni sizifuna ngongole ya ku banki.

Koma pano ticenjezane, abale. Wina asawerenge nkhani ino ndi kukayesa kudya nsomba yaiwisi ya mu Luangwa, ya ku Kariba kapena ya m'damu la pamudzi. Nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu zimakhala ndi nyongolotsi zimene zingalowe m'thupi la munthu. Nsomba za sushi pafupi-fupi zonse ndi za m'nyanja ya mcere, ndipo ngakhale zimenezo zili ndi kanyongolotsi kawo kochedwa anisakis, kamene kamadwalitsa anthu ku Japan caka ndi caka. Ophika amakafufuza ndi maso podula, kapena amaumitsa nsomba mu furiji yozizira kwambiri kuti kafe. Zathuzi tiziphika ndi kuoca monga mwa kale.

Cinali cakudya ca anthu wamba

Cina cimene cinatidabwitsa ndi cakuti sushi sinayambe monga cakudya ca olemera. Kale-kale inali njira yosungira nsomba, monga m'mene ife timayanikira kapenta. Anali kuika nsomba ya mcere mu mpunga wophika kwa miyezi yambiri kufikira mpungawo utasasa, ndipo kawiri-kawiri mpungawo anali kuutaya ndi kudya nsomba yokha. Kufikira lero anthu a pafupi ndi nyanja ya Biwa akali kupanga cakudya cotere, cochedwa funazushi.

Sushi ya timbamu iyi inabadwa m'zaka za m'ma 1820 mu mzinda wa Edo, limene ndi dzina lakale la Tokyo, ndipo munthu amene amachulidwa kwambiri monga woiyambitsa ndi Hanaya Yohei. Inali kugulitsidwa pa timisika ta m'mbali mwa mseu kwa anthu a nchito ofuna kudya mwamsanga, ndipo timbamu take tinali tatikulu kuposa ta lero. Popeza kunalibe mafuriji, nsomba anali kuithira mcere, kuiviika mu viniga kapena mu msuzi wa soya, kapena kuiphika. Njira zimenezi za umphawi ndi zimene lero zili luso lolipiridwa ndalama zambiri. Ngakhale mbali ya mafuta ya tuna, imene tsopano ndiyo yodula koposa, kale inali kunyozedwa cifukwa inali kuonongeka msanga, ndipo anthu anali kunena kuti ngakhale mphaka amangoilumpha.

Alimi adzakonda iyi. Mu 1947, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha, ku Japan kunali njala ndipo boma linaletsa malonda a m'nyumba zodyeramo. Opanga sushi a ku Tokyo anapeza njira: wofuna kudya anali kubwera ndi kapu imodzi ya mpunga wake, kulipira kandalama ka nchito, ndipo anali kulandira timbamu khumi. Sanali ogulitsa cakudya, anali ngati a cigayo.

Kucoka pamenepo zinthu zinasintha kwambiri. Mu January 2019, pa msika waukulu wa nsomba wa Toyosu, umene unalowa m'malo mwa msika wakale wa Tsukiji mu 2018, mwini masitolo a sushi Kiyoshi Kimura anagula tuna imodzi ya makilogalamu 278 pa mayeni 333.6 miliyoni. Umenewo suli mtengo wa masiku onse ai. Ndi malonda oyamba a caka catsopano, pamene anthu a bizinesi amapikisana kuti maina awo amveke pa wailesi. Komabe zikuonetsa kumene cakudya ca m'mbali mwa mseu cija cafika.

Amai a ku Chama aphwanya mwambo

Pakati pa mgonero, amai a ku Chama aja anacita cinthu cimene tinauzidwa kuti sicicitika. M'malo mwa kudya, anacotsa nsomba pamwamba, ndi kuyamba kumwaza mpunga ndi cala pa mbale, akuuyang'anitsitsa. Amene anatiitana anagwira pakamwa. Ife tinafuna kulowa pansi.

Koma wophika sanakwiye. Anafunsa cimene amaiwo anali kufuna, ndipo atamva kuti ndi mlimi wa mpunga, nkhope yake inasintha. Anatuma mnyamata kukatenga mpunga wosaphika m'kambale ndi kuwapatsa ndi manja awiri. Amaiwo anaupeta m'dzanja, anaununkhiza, analumako kanjere kamodzi. Kenaka anatiuza m'Cinyanja kuti sanapezemo njere yosweka ngakhale imodzi, mulibe kamwala, mulibe mankhusu, ndipo njere zonse ndi za msinkhu umodzi monga zobadwa kwa mai mmodzi.

Apa ndi pamene mdala uja anayamba kulankhula, iye amene anali cete usiku wonse. Anati alendo ambiri amatama nsomba, koma amene amadziwa sushi amatama mpunga, cifukwa nsomba yabwino aliyense wa ndalama angaigule pa msika. Anati mpunga wake amagula kwa mlimi mmodzi wa kumpoto kwa dzikolo, amene wakhala akumugulitsa kwa zaka zambiri. Sakonda wongokolola kumene, cifukwa uli ndi madzi ambiri ndipo umamatana. Amafuna umene wakhalako miyezi, kuti umwe bwino viniga. Viniga wake ndi wofiirira, wopangidwa kucokera ku masese a mowa wa mpunga, monga m'mene anali kucitira m'masiku a Edo. Amaphika pang'ono-pang'ono kangapo pa usiku umodzi, kuti pofika pakamwa pa mlendo mpunga ukhale wofunda ngati thupi la munthu. Ndipo kambamu kayenera kugwirana pokanyamula, koma kumwazika kokha kakafika pa lilime.

M'nchito imeneyi muli mwambi wakuti kuphunzira kuphika mpunga kumatenga zaka zitatu, kuumba timbamu zaka zisanu ndi zitatu. Wophika wochuka koposa, Jiro Ono, amene anabadwa mu 1925, anachuka ndi kasitolo ka mipando khumi cabe pansi pa nyumba ina pafupi ndi sitesheni ya sitima ku Ginza. Kumeneko ndi kumene nduna yaikulu ya Japan Shinzo Abe anatengera mtsogoleri wa America Barack Obama mu April 2014. Mu kanema wa moyo wake wa mu 2011, mmodzi wa ophunzira ake anafotokoza kuti anaphika dzira lija nthawi zoposa 200 mphunzitsi wake asanalivomereze. Acinyamata ena a masiku ano amati zaka zonsezi ndi kuzunzana cabe, ndipo kuli masukulu amene amaphunzitsa sushi m'miyezi yowerengeka. Mwina ali ndi mfundo. Koma anyamata awiri amene tinawaona sanakhudze nsomba ya mlendo ngakhale kamodzi usiku wonse. Nchito yawo inali mpunga, tiyi ndi kupukuta thabwa.

Nanga mlimi amapezapo zingati?

Amai aja sanalekere pomwepo. Anafunsa funso limene mlimi aliyense akanafunsa: pa ndalama zonsezi, mwini munda amalandirapo zingati?

Tinawerengera tokha pambuyo pake. Timbamu tonse ta munthu mmodzi sitingathe ngakhale kapu imodzi ya mpunga wosaphika. Pa mtengo wa m'masitolo wa caka cimeneco, mpunga umenewo sunafike mayeni 200. Pa mayeni 30,000. Zotsalazo zimapita ku nsomba, ku lendi ya nyumba pakati pa mzinda wodula, ku malipiro a anchito ndi ku dzina la wophika. Cinthu cimene mwini wake akuti ndico mtima wa cakudya ndi cimene cili cochipa koposa pa thebulo.

Ndipo kumbukirani kuti umenewo unali mtengo wokwera. Tinafika ku Japan pa nthawi ya bvuto la mpunga. Kutentha kwa mu 2023 kunaononga zokolola, ndipo m'miyezi ya August ndi September 2024 mpunga unasowa m'masitolo ambiri. Pofika mu 2025 thumba la makilogalamu 5 linapitirira mayeni 4,000, pafupi-fupi kuwirikiza kawiri mtengo wa caka capita. Boma linatsegula nkhokwe zake mu March 2025. Mu May caka comweco nduna ya za ulimi Taku Eto anatula pansi udindo atanena pagulu kuti iye sanagulepo mpunga, popeza omutsatira amamupatsa wambiri. Anthu amene anali kuima pa mizere m'masitolo sanaseke nayo nthabwala imeneyo.

Muzu wa bvutoli ndi wakale. Mu 1962 munthu mmodzi ku Japan anali kudya makilogalamu 118 a mpunga pa caka, koma anthu atazolowera buledi ndi zakudya zina, ciwerengeroco catsika kufika ca m'ma 50. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 boma linali kulimbikitsa alimi kucepetsa minda ya mpunga kuti mtengo usagwe, ndipo dongosolo limeneli linathetsedwa mu 2018. Kwa zaka zambiri mtengo wogulira kwa alimi unali wotsika pamene feteleza ndi mafuta zinali kukwera. Ana anapita ku mizinda. Lero alimi ambiri a ku Japan ndi opitirira zaka 65, ndipo m'midzi imene tinapitamo tinaona minda yabwino, ya ngalande za simenti, itamera chire. Mu March 2025 alimi anayendetsa mathirakitala m'miseu ya Tokyo kudandaula kuti ulimi sukuwapatsa cokhalira moyo.

Maganizo athu ndi awa. Ndalama zotere pa mgonero umodzi ife sitingalipire, ngakhale titakhala nazo, ndipo tinadya ndi kamtima kotsutsa tikaganiza za mabanja a m'miphakati yathu amene anagona ndi njala pa cilala ca 2024. Koma sitinganenenso kuti zonse zinali kudzionetsera cabe. Cisamaliro cimene tinaona cinali ceni-ceni, ndipo cambiri mwa ico sicigulidwa ndi ndalama.

Mpunga wa ku Chama, wa ku Mongu ndi wa ku Nakonde uli ndi fungo limene wa ku Japan ulibe. Nanga n'cifukwa ciani mai wa mu Lusaka amatambasula dzanja kutenga wocokera kunja? Amai a ku Chama anayankha okha, ndipo sanadzikhululukire. Timasakaniza mbeu zosiyana m'munda umodzi, zina zazitali zina zazifupi, motero makina opunthira amaswa zambiri. Timacedwa kukolola. Timayanika pa dothi m'malo mwa pa mphasa kapena pa tenti, ndipo miyala imalowa. Timausiya padzuwa lamphamvu kufikira utauma mopitirira, kenaka mame kapena mvula ikaunyowetsanso, njere zimang'ambika mkati ndipo zimasweka popuntha. Wogula akaluma mwala kamodzi, dzina la dera lonse laonongeka.

Koma anaonjezanso kuti mlimi wa ku Japan anacita zonsezo bwino lomwe, mpunga wake ulibe banga, koma ana ake anathawabe munda. Pa ici palibe amene anali ndi yankho, ngakhale amene anatiitana.

Tisanaturuke, amaiwo anapempha wotimasulira kuti afunse za mlimi wa kumpoto uja, ngati ali bwino. Wophika anati amamulipira kuposa mtengo wa pa msika, ndipo caka ciliconse amapita kukamuona pa nthawi yokolola. Anati mlimiyo wapitirira zaka 70, mawondo ayamba kubvuta, ndipo ana ake onse awiri ali pa nchito mu mzinda. Amaiwo anafunsa kuti nanga akadzaleka, mpunga udzacokera kuti. Mdalayo anapukuta thabwa lake kwa kanthawi, kenaka anati wayamba kale kulawa mpunga wa alimi ena, koma sanaupeze.

Anatiperekeza mpaka pa khomo ndi kuwerama kufikira titakwera masitepe. Kunena zoona, mimba zathu za nsima sizinakhute. Pafupi ndi sitesheni tinalowa m'kasitolo ndi kugula mipira ya mpunga yokulunga m'pepala, iwiri-iwiri, ndipo tinadyera ciimire podikira sitima.